M'Baibulo Lathu Munalibe Tiago

Amayi anga ndi mapasa. Anabadwira ku Meponda, iwo poyamba, mlongo wawo pambuyo, ndipo mlongo wawoyo anamubatiza Yakobo. Amalume angawo anasowa nthawi ya nkhondo, tsiku limene anthu a m'mudzi mwathu anathawira ku Malawi pa mabwato, amayi ali ndi pakati panga. Anali atafika kale pagombe, kenaka anakumbukira kuti mbuzi azisiya zomangirira. Anauza amayi kuti atsogole, iwo akazimasule zisafe ndi njala. Bwato linadikira mpaka mfuti zitayamba kumveka pafupi, ndipo linanyamuka popanda iwo.

Ine ndinabadwira kutsidyako. Titabwerera kuno nkhondo itatha, kumudzi tinapeza mitengo itamera m'nyumba, choncho tinakwera kuno ku Lichinga n'kupeza malo ku Chiuaula. Amayi anayamba kugulitsa nyemba ndi mbatatesi pamsika, ndipo akugulitsabe mpaka lero. Koma ntchito yawo yeniyeni inali kufunsa. Aliyense wogula amene wanena kuti wachokera kutali sankachoka asanafunsidwe ngati sanaonepo munthu wamtali, wa chipsera pamwamba pa diso lamanzere, dzina lake Yakobo. Chipseracho anamupatsa ndi iwo omwe ali ana, akulimbirana nkhafi yopalasira bwato. Anatumiza uthenga pa wailesi kangapo. Ndili wamng'ono ankanditenga kukawawerengera mayina amene ankamatidwa pamakoma a maofesi, poti iwo sukulu sanapiteko. Ndinkatsetsereka ndi chala mpaka pa chilembo cha Y, kenaka n'kupukusa mutu, n'kubwerera kunyumba.

Akuluakulu a banja lathu amene anabwerera ku Meponda ankafuna kuti nkhaniyi ithe. Kwathu munthu akasowa mtembo wake osaoneka, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti abale alire n'kumasuka. Amayi anakana zimenezi zaka zoposa makumi atatu. Koma chaka chimene ndikunenachi anadwala mtima nyengo ya dzinja, anagona kuchipatala masabata awiri, ndipo atatuluka anavomera. Anandiuza ali pakhonde akusankha nyemba, osandiyang'ana.

"Ndatopa, mwana wanga. Ndisafe ndisanamulire."

Tsiku analiika Loweruka lomaliza la Julaye, anthu atakolola. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ine ndikakwiya sindibisa. Ndinamenyetsa chitseko, ndinakalipira ana anga popanda chifukwa, koma amayi sindinawaletse. Munthu amene wafunsa zaka zonsezo sungamuuze kuti afunsebe.

Ndine mphunzitsi, ndimaphunzitsa Chipwitikizi kalasi yachisanu, ndipo ndimadzimva kuti pa nkhani ya kuwerenga palibe angandiuze kanthu. Ndivomerenso kuti kutchalitchi ndimapita chifukwa choperekeza amayi. Ndimakhala kumbuyo, maganizo ali ku mayeso a ana. Kutchalitchi kwathu mawu amawerengedwa kawiri, poyamba m'Chipwitikizi, kenaka m'Chinyanja. Lamulungu lina la mu Meyi mayi amene amawerenga Chinyanja sanabwere, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine, poti ndinali nditanyamula Baibulo la amayi limene tinabwera nalo kuchokera ku Malawi. Ndinapita kutsogolo ndi nsapato zogogoda, ngati munthu wodziwa zimene akuchita.

Mnzanga wowerenga Chipwitikizi analengeza kuti mawu achokera m'kalata ya Tiago, mutu woyamba. Iye akuwerenga, ine ndinayamba kufufuza. Ndinatsegula kumapeto, ndinabwerera pa mndandanda wa mabuku, ndinatsika ndi chala kawiri. Tiago munalibe. Thukuta linayamba kutuluka m'khwapa ngakhale kunali kuzizira. Mnzanga anamaliza, tchalitchi chonse chili chete kudikira ine. Ndinaona dzina la Tito, ndinati basi ndi yemweyu, a ku Malawi analifupikitsa. Ndinakweza mawu n'kuyamba kuwerenga molimba mtima. Ndisanamalize ndime yachiwiri ndinamva anthu akunong'onezana, ndipo akatekisiti athu, bambo wokalamba wovala jekete la ubweya chaka chonse, anandiyandikira.

"Yakobo, aphunzitsi. Tsegulani pa Yakobo."

Ananena motsitsa, koma amayi anamva ali pa benchi lachitatu. Ndinawaona akudzutsa mutu, monga ankachitira nthawi zonse dzinali likatchulidwa. Ndinawerenga mawu olondolawo nkhope ikuyaka ndi manyazi.

Mapemphero atatha sindinapite kunyumba. Ndinawatsata akatekisitiwo kuseri kwa tchalitchi kumene ankapinda nsalu za paguwa, ndipo ndinafika ndi ndewu.

"Bambo, mwandichititsa manyazi pagulu. Mnzanga wati Tiago, inu mukuti Yakobo. Ndiye wina walakwitsa, koma si ine."

"Palibe walakwitsa kupatula inu, aphunzitsi," anatero akuseka. "Ndibwerekeni cholembera chanu chofiiracho, lero ndikuchongeni ndine."

Anaphunzirako ku seminale ali mnyamata asanasinthe maganizo n'kukwatira. Anatenga pepala la nyimbo n'kulitembenuza. Pamwamba analemba Yaakov. Anati limenelo ndi la Chiheberi, kumene dzinali linachokera, ndipo limagwirizana ndi liwu lawo lotanthauza chidendene, chifukwa mwini wake woyamba anali wachiwiri mwa mapasa ndipo anatuluka atagwira chidendene cha mnzake. Agiriki sanathe kulitchula momwemo, analiwonjezera mchira n'kukhala Iakobos. Aroma anati Iakobus. Kuchokera pamenepo linagawikana ngati njira za kumunda. M'kamwa mwa ena b anasanduka m, ndiye kunabadwa Jaime wa kuno, ndi James wa Angerezi, amene ku Malawi tinkamutchula kuti Jemusi. Ena analifupikitsa kukhala Iago, ndipo poika liwu lakuti woyera patsogolo pake ankati Santo Iago, mwamsanga Santiago. Pambuyo pake anthu anadula liwulo pamalo olakwika, t wa santo n'kumamatira ku dzina.

"Ndiye Tiago wanuyo," anatero. "Ndi Yakobo amene telala anamudula molakwitsa. Ndipo anansi athu achisilamu akamati Yakubu, ndi yemweyonso."

Ine sindikhulupirira munthu msanga, makamaka amene wangondiseka. Ndili panjira ndinatsegula foni n'kufufuza, ndipo ndinapeza kuti mkuluyo sananame. Ndinaima pansi pa mtengo wa paini m'mbali mwa msewu, njinga zamoto zikundiwaza fumbi lofiira. Ine ndemwe dzina langa linalembedwa mwina pa khadi la ku Malawi, mwina pa chiphaso cha kuno, chifukwa mlembi aliyense amalemba zimene khutu lake lazolowera. Ngati amalume anapulumuka, anafika pamaso pa mlembi wina, wa boma kapena wa tchalitchi, ndipo mlembi wodziwa Chipwitikizi akanatha kuwasandutsa Tiago kapena Jaime osawafunsa n'komwe. Zaka zonse zija chala changa chinkathamangira pa Y, kudumpha T ndi J. Ndinamva chisoni, kenaka mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unandigwira ntchito. Kunatsala masabata khumi kuti adule nthochi ija.

Amayi sindinawauze. Mtima wawo sukanapirira chiyembekezo china chabodza. Ndinayambira pafupi, m'kalasi mwanga, kufunsa makolo akabwera kumsonkhano ngati akudziwa bambo wa zaka za m'ma sikisite wotchedwa Tiago, Jaime, Jemusi kapena Yakubu, amene sadziwika kumene anachokera. Ndikaweruka masana ndinkasintha nsapato n'kuyenda. Juni wa ku Lichinga amaluma, chifunga chimakhala mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzulo mphepo imalowa m'mafupa. Ndinayenda m'mabairo onse, madera a m'tauni muno, milomo itang'ambika. Amuna anga ankauza anzawo kuti mkazi wawo wayamba kusaka madala m'tauni yonse, ndipo iwo akungodikira kalata yowachotsa ntchito.

Sindinadziwe kuti anthu a dzinali ndi ochuluka chotere. Jaime wina, telala wamasiye, anandipatsa mpando, anatuma munthu kukagula zakumwa, ndipo anayankha mafunso anga onse mokoma mpaka ndinazindikira kuti akuganiza kuti ndabwera kudzadzifunsira banja. Jemusi wina wokonza njinga, atamva kuti tikufuna malume, anavomera pomwepo kuti ndi iye, ngakhale anali wamng'ono kwa ine. Kumzikiti wa kufupi ndi kwathu shehe anandimvetsera bwinobwino, ndipo Lachisanu lotsatira anandisonkhanitsira a Yakubu atatu pansi pa mtengo wa mango. Anakhala pa benchi mwaulemu, zipewa zili kumutu, ine ndikuyang'ana nsidze zawo mmodzimmodzi ngati namwino. Panalibe wa chipsera. Mmodzi wa iwo anati nayenso mng'ono wake anasowa chaka chomwecho, ndipo anandifunsa ngati dzina la mng'ono wakeyo lilinso ndi abale ake m'zilankhulo zina. Sindinadziwe, ndipo zinandipweteka kumuuza choncho.

Masabata anatha motero. Ku Meponda anatumiza uthenga kuti nsalu yagulidwa ndipo chimanga chapita kuchigayo. Kutatsala masiku khumi ndi awiri, ndinadzera kumsika ndikuchokera kwa Tiago wina amene anapezeka kuti ndi wa ku Cuamba ndipo abale ake onse ali moyo. Miyendo inkandiwawa. Ndinadzigwetsa pa thumba la mbatatesi kuseri kwa benchi la amayi. Iwo anali atakhuthula thumba lina pansi, akung'ung'udza.

"Taona. Pamwamba zikuluzikulu, pansi timiyala. Mlimi ameneyu chaka chilichonse amandichita zomwezi. Koma mbatatesi zake siziola, ndiye ndingatani."

Ndinayang'ana thumba lopanda kanthu lija. Alimi a kumtunda kuno amalemba mayina pa matumba awo kuti a galimoto asawasokoneze. Pa ili panali zilembo za penti wobiriwira, zopendama ngati za mwana wa kalasi yoyamba: TIAGO, ndipo pansi pake CHIMB. Ndinadzuka n'kuyang'ana limene ndinakhalira. Linali lomwelo. Matumba amenewa ndinkawadziwa. Amayi akhala akugula kwa galimoto imodzimodzi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo limodzi la matumbawo ndinkapukutira mapazi pakhomo la nyumba yanga.

Ndinadziletsa. Ndinali nditakhumudwa kale kokwanira. Ndinapita kumene amatsitsira katundu n'kupeza dalaivala wa galimotoyo akudya chinangwa chootcha. Ndinamufunsa za mwini matumba obiriwira.

"Mdala ameneyo? Wa kupitirira Chimbonila. Kutauni sabwera, olo mumunyamule ulere. Salankhulanso kwambiri."

"Ndi wamtali?"

"Wamtali, inde."

"Nkhope yake ili ndi chizindikiro chilichonse?"

Anaganiza akutafuna, kenaka anakhudza chala pamwamba pa diso lake lamanzere.

Loweruka m'mawa ndinakwera shapa, timabasi tathu tija, mpaka ku Chimbonila, kenaka ndinayenda wapansi kupitirira ola limodzi motsatira mmene dalaivala anandilongosolera. Ndinapeza nyumba ya njerwa zosaotcha, nkhokwe ziwiri, ndi bambo atagwada pabwalo akusankha mbatatesi. Ndinaodira m'Chipwitikizi, iye anayankha m'Chiyao osadzutsa mutu. Kenaka anatembenuka. Chipsera sindinachiyang'ane n'komwe. Pakamwa pake panali pa amayi anga, mlomo wapansi wotsika pang'ono mbali imodzi, umene ndauona tsiku lililonse la moyo wanga.

Ndinagwada patali pang'ono n'kulankhula Chinyanja cha kunyanja, chimene amayi amalankhula akakhala ndi abale awo.

"Ndikufuna a Yakobo a ku Meponda."

"Kuno kulibe," anayankha m'Chinyanja chomwecho, n'kubwerera ku mbatatesi zake.

"Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Amene anali m'mimba tsiku la mbuzi lija."

Manja ake anaima. Mkazi wake, amene anali atatuluka ndi mpando, anauika pansi n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete. Nkhuku zinkatola pakati pathu.

"Ali moyo?" anafunsa.

"Ali moyo. Akhala akukufunani zaka zonsezi. Anatumiza mauthenga pa wailesi."

"Ndinamva. Kawiri."

Ndinali nditakonzekera zambiri panjira, misozi, kukana, ngakhale kupeza manda. Izi sindinazikonzekere. Magazi anandikwera kumutu ndipo ulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa unathawa. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti mlongo wawo wakalamba akufunsa anthu ogula nyemba. Ndinawauza za makoma a maofesi, za chipatala, za mtima umene ukufooka. Ndinanena kuti munthu amene amamva dzina lake pa wailesi n'kupitiriza kudya ndi woipa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera.

Kenaka anafotokoza, mwachidule, maso ali pansi. Anthu a mfuti aja anawagwira tsiku lomwelo ali ndi chingwe cha mbuzi m'manja. Poyamba ankasenza katundu, pambuyo pake anawapatsa mfuti, ndipo anakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Zimene anachita ndi mfutiyo sananene, ndipo ine sindinafunse. Anangoti midzi ina imene anapitako inali ngati wa kwathu, ya anthu olankhula ngati ife. Nkhondo itatha sanafune kuti munthu aliyense amene anawadziwa ali mwana awayang'ane kumaso. Anapita kwa wansembe wina wokalamba amene ankathandiza anthu kupeza mapepala, n'kumupempha kuti awalembe dzina latsopano.

"Anandifunsa lakale. Ndinamuuza, ndinati limenelo sindilifunanso, mwini wake anatsala kuthengo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analemba Tiago. Ndiye amene mukumufunayo kulibe, mayi. Ine ndine wina."

Ndinaseka. Sikunali kuseka kwabwino, koma kunatuluka kokha. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi la pabwalo lawo, monga anandichitira akatekisiti. Yaakov pamwamba, kenaka Iakobus, kenaka Iago, kenaka Santiago, ndipo ndinadula mzere pamene anthu akale anadula molakwitsa. Kuwerenga amadziwa pang'ono, kokwanira kulemba pa matumba. Anatsatira kamtengoko ndi maso mpaka pansi.

"Wansembe wanuyo sanakupatseni dzina latsopano, amalume. Anakubwezerani lomwelo. Zaka zonsezi akazi anu, ana anu, a galimoto, onse akhala akukuitanani Yakobo, inu n'kumayankha."

Anayang'ana zilembozo nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja n'kuzifufuta pang'onopang'ono.

"Anandipusitsa mkulu uja," anatero, koma osati mokwiya.

Ndinawauza za Loweruka lotsatira, za nsalu ndi nthochi. Ndinkaganiza kuti zimenezo ziwadzidzimutsa. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti akuluakuluwo achita bwino, ndipo anandipempha kuti mlongo wawo ndisamuuze kanthu, alire kamodzi n'kupumula. Ndinaimirira n'kusasa fumbi pa chitenje. Ndinawauza kuti ine sindinayende masabata asanu ndi anayi kuti ndidzasunge chinsinsi cha munthu wina.

Amayi ndinawauza tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, nditayamba ndawamwetsa mankhwala awo ndi kuwakhazika pansi. Ndinanena zonse, za wailesi ndi za mfuti zomwe, chifukwa sindinafune kuti akazimve kwa wina. Sanalire. Anandituma kukatenga thumba lija lopukutira mapazi, analiyala pamiyendo pawo ngakhale linali lamatope, n'kundifunsa kuti dzina lili pati. Ndinawaonetsa. Anayendetsa chala pa pentiyo.

"Zazing'ono pansi," anatero. "Ndikanadziwa. Pogulitsa usipa ankachita chimodzimodzi."

Galimoto ya mbatatesi inkapita kumeneko Lachinayi. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anamanga kathumba ka zovala, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Ine ndinapempha tchuthi kusukulu n'kukwera kumbuyo. Titafika, amalume anali kumunda kuseri kwa nyumba. Anationa tikubwera ndipo anaima atagwira khasu, osayandikira, osathawa. Amayi anayenda mpaka m'mphepete mwa mizere n'kuima, akupuma movutika. Ndinkayembekezera kuti athamangirana. Anangoyang'anana, anthu awiri okalamba a pakamwa pofanana.

"Iwe," anatero amayi. "Mbuzi zija unamasula?"

"Ndinamasula."

"Chabwino. Zina sindinabwere kudzafunsa. Ndabwera kudzakuuza kuti mkuja akukuika m'manda. Upita, kapena ndipite ndekha ndikakulire?"

Amalume anagwetsa khasu n'kukhala pansi pa mzere, nkhope ili m'manja. Amayi anapita kukakhala pambali pawo. Ine ndinabwerera kubwalo kukathandiza akazi awo kusenda nyemba, chifukwa zimenezo sizinali zanga zoonera.

Koma kupita anakana. Anati ku Meponda kuli anthu amene abale awo anafa m'manja mwa anthu ngati iye, ndipo sangakaime pakati pawo. Amayi sanakangane nawo. Anapempha mphasa, anaiyala pakhonde, n'kunena kuti iwo sachoka pamenepo mpaka adzanyamuke awiri. Kenaka anandituma.

"Iwe pita ku Meponda. Pakamwa pakopo lero papeza ntchito. Asakwirire kanthu ndisanafike."

Ndinatsika ku Meponda Lachisanu. Akuluakulu anandimvetsera, koma sanakhutire. Anati amva nkhani zotere kambirimbiri, wina anamuona ku Nampula, wina ku Mangochi. Ngati munthuyo alipodi, bwanji sanabwere yekha? Anthu anali atafika kale kuchokera kutali, chakudya chinali chitakonzedwa, ndipo mwambo ukayamba suimitsidwa ndi mawu a mwana. Foni ya amayi sinkagwira kumene anali. Loweruka m'mawa adzukulu anakumba dzenje, nthochi inadulidwa n'kukulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo anthu anayamba ulendo wa kumanda akuimba.

Ndinawatsogolera. Ndinakaima kumutu kwa dzenjelo, pamene mkazi saima, ndipo ndinanena kuti amene akufuna kutsitsa nthochiyo ayambe wandikankhira ine m'katimo. Anandinyengerera, anandikalipira, azakhali ena anati sukulu yandiwononga mutu. Ndinayankha aliyense, ndipo ena ndinawayankha mopitirira, moti mpaka lero pali nyumba ziwiri ku Meponda zimene sindipatsidwa madzi. Mumtima ndinali ndi mantha aakulu. Sindinkadziwa ngati abwera. Ndinkadziwa kuti akapanda kubwera ndidzakhala mkazi wamisala amene anaimitsa maliro a malume ake, ndipo amayi adzakhala atataya mlongo wawo kachiwiri. Dzuwa linakwera, nyimbo zinatha, anthu anakhala pansi pa mitengo. Ine ndinaimabe.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinamva galimoto ikutsika msewu wa kuphiri. Inali ya mbatatesi ija, yopanda katundu. Amayi anatsika poyamba, mothandizidwa ndi dalaivala. Kenaka anatsika amalume, atavala jekete lalifupi manja limene linkaoneka kuti ndi lobwereka. Anthu anaimirira. Agogo ena aakazi, amene anawanyamulapo ali khanda, anayandikira n'kuwagwira pachipsera, kenaka anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

Amalume sanapereke moni kwa aliyense. Anayenda pakati pa anthu maso ali pansi mpaka pa dzenje, anasuzumiramo, anayang'ana nthochi ili m'nsalu yake. Anavula jekete n'kupatsa amayi. Kenaka anatambasula dzanja kwa mmodzi wa adzukulu, ndipo iye anawapatsa fosholo. Anayamba kubwezera dothi m'dzenjemo okha. Ena anafuna kuthandiza, amayi anawaletsa ndi dzanja.

Mkulu amene ankatsogolera mapemphero anali ataima ndi buku lake lotsegula pa tsamba la maliro, osadziwa chochita nalo. Anatsegula masamba ena, anatsokomola, n'kuyandikira. Anati akufuna kupereka pemphero lothokoza, koma wamva kuti pali mayina awiri, ndiye atchule liti pamaso pa Mulungu.

Amalume sanasiye fosholo. Anaponya dothi lina, n'kupukuta thukuta ndi mkono.

"Tchulani lililonse, bambo," anatero. "Ndiyankha."